Chanza Chimodzi pa Nkhani Ziwiri

A Fredson Chimbalanga anapita kwa loya Lolemba, ndipo pofika Lachitatu dzina la Mwaiwawo linali litalembedwa kale kuti ndi mboni, mwini wake asanafunsidwe n'komwe. Iwo sanaonepo chachilendo. Mwana wa mlongo wako, womulera wekha, wodya ndi kugona m'nyumba mwako ku Tallaght, dera la mumzinda wa Dublin, ungachite kumupempha kuti akanene zimene anaona ndi maso ake?

Vuto linali pomwepo. Mwaiwawo anaonadi ndi maso, koma makutu ake sanatole kanthu.

Amalume akewo anali munthu wa mphesa. Ntchitoyi anaiphunzira m'minda ya ku Cape asanabwere ku Ireland, ndipo atafika kuno sanapume mpaka anapeza nyumba zagalasi zitatu zakale kumpoto kwa Dublin, momwe eni ake ankalimamo tomato. Anzawo a kutchalitchi anawaseka kuti mphesa sizingapse m'dziko limene dzuwa limangosuzumira n'kubwerera. Zinapsa. Chaka chatha anagulitsa zonse kwa a Declan, mzungu wofatsa amene ali ndi kafakitale kopanga vinyo, ndipo wobwera ndi vani kudzatenga makireti anali Suzgo, mnyamata wa ku Rumphi wogwira ntchito kwa a Declanwo. Makireti anatha, koma vani sinasiye kubwera. Umo ndi mmene Mwaiwawo anapezera chibwenzi.

Tsopano mu Seputembala, mphesa zitatsala pang'ono kuthyoledwa, a Declan ananena kuti chaka chino atenga theka lokha, ndipo za chaka chamawa sakulonjeza. A Fredson anaima nji. Ankati anagwirizana kuti a Declan azitenga mphesa zonse kwa zaka zisanu, ndipo anagwirana chanza pabalaza pawo. Chifukwa cha chanza chimenecho anasainira lendi ya nyumba zagalasi ya zaka zisanu, n'kubweza wogula wina amene anabwera pambuyo. Pepala panalibe, koma loya anawauza kuti pangano la pakamwa limagwira ntchito kukhoti, bola mboni ikhalepo.

A Declan sankakana kuti chanza chinalipo. Ankangoti chinali cha nkhani ina, ndipo nkhani inayo inali ukwati wa Mwaiwawo.

* * *

Zinachitika Lamulungu lina mu Malichi. Suzgo alibe mbale ku Ireland, ndiye atafuna kufunsira mwamwambo anayang'ana uku ndi uku n'kuona kuti wamkulu womudziwa bwino ndi bwana wake. A Declan anavomera kukhala thenga ndi chimwemwe chonse, mpaka anagula tayi yatsopano. Poti mzungu sangadziwe pokhala ndi poika envelopu, Suzgo anapempha Melody, mtsikana wa ku Zambia wogulitsa vinyo m'shopu ya a Declan, kuti awaperekeze ngati mlongo wake. Iye mwini anatsala m'vani panja, monga ayenera kuchitira mnyamata waulemu pamene akulu akukamba za ukwati wake.

Mwaiwawo anali kukhitchini ndi azakhali ake a Perpetua, akazi a malume akewo. Azakhali anatseka chitseko n'kukweza wailesi, ati mtsikana womvetsera zokambirana za ukwati wake ndi wopanda manyazi. Choncho Mwaiwawo anangokhala pampando n'kumalemberana mauthenga ndi munthu wa m'vani uja. Patapita ola anamuitana kuti abweretse tiyi. Analowa, anagwada, anaika thireyi patebulo, ndipo anakweza maso kamodzi kokha. Anaona amalume ndi a Declan ataimirira, manja ali m'manja, onse akumwetulira mpaka m'makutu. Anathamangira kukhitchini n'kulemba kuti, "Agwirana chanza!" Suzgo anayankha ndi timitima tokhatokha.

Kwa miyezi isanu ndi umodzi Mwaiwawo anayenda ngati mkazi wotomeredwa. Anali atasankha kale mtundu wa chitenje cha pachinkhoswe. Sanadabwe kuti amalume sakutchula tsiku, poti akulu sachedwa popanda chifukwa.

Chifukwacho anachimva Lachitatu lija, akudya.

"Za ukwati ine ndinangoti ndamva," anatero a Fredson akupukuta m'manja. "Ndani amayankha nkhani ya ukwati tsiku lomwelo ngati akugulitsa bonya? Envelopu yawo ija ili m'mbale pamwamba pa kabati, sindinaitsegule. Chanza chinali cha mphesa."

"Koma amalume, ine sindinamve zimene munkakamba."

"Unaona. Monday 2 o'clock tikupita kwa loya, ukanene zimene unaona." Anaimirira, kenaka anatembenuka ali pakhomo. "Ndipo mnyamata wakoyo, malinga ngati akudya za munthu wondinamiza, pano asapondepo."

Mwaiwawo anayang'ana azakhali ake, koma azakhali anali atapeza ntchito yaikulu yotolera mafupa a nkhuku m'mbale. Mwaiwawo anayamba kusinkhasinkha. Akanena kuti chanza chinali cha mphesa, ndiye kuti iye sanatomeredwe, ndipo wagwetsa bwana wa Suzgo. Akanena kuti chinali cha ukwati, wagwetsa munthu yekhayo amene angavomereze ukwatiwo.

* * *

Mwaiwawo anakumana ndi Suzgo Lachinayi masana pa siteji ya Luas, sitima yoyenda m'misewu ya Dublin, n'kukakhala pabenchi kumbali. Mvula inali kuwaza pang'onopang'ono, ya mtundu uja wosadziwika ngati ikugwa kapena ikungoganiza. Suzgo anali ataonda m'masaya. Anamugwira dzanja, analisiya, analigwiranso, ndipo Mwaiwawo anadziwa kuti pali chimene chikumuvuta kutulutsa.

Suzgo anatulutsa foni n'kumuonetsa uthenga wa m'Chingerezi umene anatumizira a Declan dzulo lake la tsiku lofunsira. Unali malangizo. Musakhale pansi musanalozedwe mpando. Musalowe msanga m'nkhani ya ukwati, lolani amalume ayambe ndi nkhani zawo. Polandira chinthu, landirani ndi manja awiri. Ndipo pamapeto pake panali mawu akuti chilichonse amalume anganene muzivomera, musawatsutse ngakhale pang'ono.

A Declan, malinga ndi Suzgo, anatsata malangizowo ngati mwana wa Sande sukulu. A Fredson anayamba ndi nyengo, a Declan anavomera. Anafika pa mphesa, a Declan anavomera. Anatchula zaka zisanu, a Declan anagwedeza mutu n'kuvomeranso, mumtima akuyembekeza kuti mwambo wa nkhani zoyambira uthe afike pa zimene anabwerera. Atafika pa ukwati, a Fredson anati amva, n'kuimirira n'kutambasula dzanja. Aliyense anagwira dzanja la mnzake akusangalalira zake.

Mwaiwawo anaseka, kuseka kosafuna, kenaka misozi inalengeza.

"Ndiye wonama ndi ndani pamenepa?"

"Palibe. Ndine ndinaphika zimenezi, Mwai."

"Nanga ine ndili engaged kapena ayi? Ndiuze, chifukwa kuntchito anthu anayamba kale kufunsa za date."

Suzgo anayang'ana njanji. Ananena kuti a Declan si munthu woipa, koma malonda a vinyo sakuyenda, ndipo loya wawo wapempha kale uthenga uja kuti akaonetse kukhoti kuti mavomerezo onse aja anali ulemu chabe. Mwaiwawo ankawadziwa amalume ake. Kuluza mlandu akhoza kupirira, koma kumva kuti mkamwini ndiye anaphunzitsa mlendo kuwavomera mwachiphamaso m'nyumba mwawo momwe, zimenezo sangazimeze mpaka kumanda.

"Ndikonza," anatero Suzgo.

"Usakonze kalikonse. Kukonza kwako n'kumene kwatifikitsa pano."

Foni inanjenjemera ili m'manja mwa Mwaiwawo, chifukwa anali asanaibweze. Pamwamba panatuluka dzina la Melody ndi mawu akuti, "Uli kuti, my brother? Lunch yako izizila." Kumapeto kunali kamtima kofiira.

Suzgo anayamba kufotokoza kuti Melody amalemba choncho kwa aliyense, ngakhale kwa munthu wobweretsa mabotolo. Mwaiwawo anamubwezera foni yake mwaulemu kwambiri, ulemu uja woopsa, n'kumuuza kuti athamange chakudya chingazizire. Anakwera Luas imene inaima, ngakhale kwawo kunali koyenda pansi.

* * *

Anatsika pa siteji yachitatu nzeru zitabwerera. Melody! Pabalaza paja panali anthu atatu, ndipo wachitatuyo anamva zonse. Anapeza nambala yake m'gulu la pafoni la kwaya yawo n'kuimba, atameza kunyada kwake konse.

Melody anayankha mokoma ngati uchi. Anamutchula kuti mulamu, anafunsa za azakhali, anayamikira tiyi wa tsiku lija. Koma atafunsidwa za chanza, mawu ake anayamba kuterera.

"Mwana, ine nenze nayangana chabe envelope. Ba uncle bakamba fast maningi, ba Declan nabo ni yes, yes, yes. Manje niziba bwanji yes iti yenze ya chani?"

"Koma asanaimirire, mawu omaliza anali ati?"

"Iyo ningakumbukile," anatero Melody pang'onopang'ono, "ngati Suzgo anifunsa eka bwinobwino. Ma lawyer bonse babili banitumila, nabauza ati nikali kuganiza. Iwe usankale na stress. Olo vakanga, Suzgo sazasoba omusamala."

Mwaiwawo anadula foni. Sanadziwe ngati waopsezedwa, wasekedwa kapena watonthozedwa, ndipo kusadziwako kunamupweteka kuposa chipongwe chenicheni.

Lachisanu Melody anaika chithunzi pa foni choti aliyense aone. Anali m'vani, kumpando wakutsogolo, atavala magalasi adzuwa m'dziko lopanda dzuwa, ndipo m'mbali munkaoneka mkono wa Suzgo pa chiwongolero. Mwaiwawo anauzindikira ndi wotchi imene anamugulira yekha. Anthu a pantchito imodzi amakwera vani imodzi, zimenezo ankazidziwa bwino. Koma nsanje siifunsa nzeru, ndiye anatenga dzina la Suzgo n'kulitsekera pakona pa foni pamene mauthenga amalowa mwakachetechete. Anati amulange mpaka Lolemba.

* * *

Loweruka amalume anamutenga kupita kunyumba zagalasi, ati akawathandize kuchotsa zowola. M'katimo munali fungo lotsekemera lofika pakhosi. Mphesa zakuda zinali lendelende mzere wonse, zina zitayamba kung'ambika, ndipo mavu anali atazipeza kale. A Fredson ankayenda ndi sizasi, kudula kambewu kamodzikamodzi kowola, mosamala ngati akuchotsa munga m'phazi la mwana.

Sanakalipe tsiku limenelo, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anathyola kaphava kamodzi n'kumupatsa kuti alawe. Ananena kuti zatsala ndi masiku khumi, zikapitirira apo ndi chakudya cha mavu. Ananena kuti mitengo imeneyi anaibzala ali ndi zaka fifite, anthu akuwaseka, ndipo alibe zaka zina zoyambiranso.

"Sindikuti ukaname, Mwai. Ine ndine mkulu wa mpingo. Ukanene zoona basi, zoona zili mbali yanga."

Mwaiwawo anawayang'ana, bambo amene anamulandira pa eyapoti atanyamula jekete la azakhali poopa kuti mwana azizidwa. Ankawakonda, ndipo ankamukonda Suzgo, ngakhale Suzgoyo anali m'ndende ya pafoni. Pobwerera m'galimoto anapeza njira imene inamuoneka yoyera. Akanena zoona zokhazokha, zimene anaona ndi zimene sanamve, osawonjeza kapena kuchotsa. Amalume akhumudwa pang'ono, koma sadzamutcha wabodza. Ndipo chachikulu, akaonetsetsa kuti Suzgo wachotsedwamo m'nkhaniyi, kuti mlandu ukhale wa akulu awiri okha, iye atsale woyera pomwe fumbi lidzakhazikike. Anagona bwino usiku umenewo koyamba sabata yonse.

* * *

Ofesi ya loya inali pamwamba pa shopu ina pafupi ndi chipatala cha St James's. Atafika anauzidwa kuti loya akufuna kuyamba waonana ndi a Fredson paokha, ndipo Mwaiwawo analowetsedwa m'kachipinda kena kwa mayi wolemba maumboni. Mayiyo anamufotokozera kuti zimene anene zilembedwa, aziwerenga, alumbira kuti ndi zoona, kenaka asaina.

Ananena zonse mwadongosolo. Anali kukhitchini, wailesi inali pamwamba, analowa ndi tiyi, anaona chanza, sanamve mawu. Mayiyo anakwinya pang'ono pamphumi koma analemba. Kenaka anafunsa amene anali pabalaza, ndipo Mwaiwawo anatchula anthu atatu aja.

Atafunsidwa za Suzgo, anawongoka pampando. Apa ndi pamene ankadikira. Ananena momveka kuti Suzgo sanalowe m'nyumba ngakhale phazi limodzi, anali m'vani panja kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chifukwa mwambo sulola. Kuti pasakhale chikaiko, anapempha kuti alembenso kuti ankalemberana naye mauthenga nthawi yonseyo, ndipo wa chanza uja anautumiza 3:42 masana. Nthawiyo ankaidziwa pamtima, poti chithunzi cha uthengawo anachisunga ngati chikumbutso. Anachionetsa, mayiyo anachijambula. Anagwira Baibulo, analumbira, anasaina dzina lake lonse mokongola.

Anatuluka mtima uli m'malo, n'kulowa mu ofesi yaikulu mmene munali amalume.

Anawapeza akupukuta m'maso ndi mpango. Anaganiza kuti mlandu wawonongeka, koma nkhope yawo inali yowala. Loya, mayi wamtali wa tsitsi lofiirira, anali kumwetulira nayenso, pepala lili patsogolo pake.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero a Fredson. "Ndinamulakwira mnyamata uja. Wabwera pano mmawa uno, yekha, osatumidwa ndi munthu. Walumbira kuti tsiku lija mtima sunamulole kukhala m'vani, anadzaima pakhomo la pabalaza, ndipo anamva ndi makutu ake Declan akuvomera five years, n'kugwirana nane chanza pa mawu amenewo."

Mwaiwawo anakhala pansi, maso ali pa pepala limene linali patsogolo pa loya.

"Wataya ntchito chifukwa cha ine," anapitiriza amalume. "Munthu wotere sumufunsanso kuti kwanu n'kuti. Tikafika kunyumba, azakhali ako atsitse mbale ija pakabati, envelopu titsegule. Chinkhoswe tichite mphesa zikangochoka. Wamva, Mwai? Ndavomera."

Mawu amene anawadikira miyezi isanu ndi umodzi anafika, koma anafika atakwera pa bodza. Chitseko chinatseguka, mayi wolemba uja analowa n'kuika pepala lake patebulo, pambali pa la Suzgo.

Loya anayamba kuwerenga akumwetulirabe. Anafika pakati, kumwetulira kunazima. Anabwerera pamwamba, anawerenganso, kenaka anaika mapepala awiriwo moyandikana n'kuvula magalasi. Analankhula modekha, monga amachitira anthu a ntchito imeneyi akafuna kukuuza zoopsa. Anati mapepala onse awiri ndi olumbirira, ndipo sangakhale oona onse. Iye sangapite kukhoti ndi umboni umene akudziwa kuti ukutsutsidwa ndi wina uli m'kabati mwake. Kunama utalumbira ndi mlandu waukulu m'dziko lino, ndipo kwa munthu amene mapepala ake okhalira kuno amawaonjezera chaka ndi chaka, ukhoza kumutsekera zambiri. Mmodzi mwa awiriwa ayenera kubwera n'kunena kuti zimene analumbira si zoona.

A Fredson sanamvetse msanga. Anatenga pepala la Mwaiwawo, analiyandikitsa kumaso, milomo ikuyenda pang'onopang'ono mpaka pa 3:42.

Mwaiwawo anatulutsa foni pansi pa tebulo n'kutsegula pakona paja. Munali mauthenga khumi ndi anayi. Oyamba anali opepesa za chithunzi cha Melody, ena ofunsa ngati wadya. Womaliza unalowa 9 koloko mmawa womwewo.

"Mwai, ndikupita kwa loya wa amalume. Ndinawononga ndine, ndikonza ndine. Akakufunsa, unene kuti ndinali pakhomo. Chonde werenga usanalowe."

Anakweza maso. Loya anali atamuika cholembera patsogolo. Amalume anali atatsitsa pepala, mpango wa misozi ya chimwemwe udakali m'dzanja linalo, ndipo anamufunsa ndi mawu otsika kwambiri, ngati munthu wopempha kuti anamizidwe.

"Mwai, mwana wa mlongo wanga, mnyamata ameneyu anali kuti?"